Cha Ubweya Ayi, Cha Nthenga Ayi

"Ndinamva ndi makutu angawa," anatero azakhali a Evelesi akudzigwira khutu. "Mawu omaliza a achimwene anali otchula mdyerekezi. Ine ndiname chifukwa chiyani, pomwe wagonayo ndi mlongo wanga?"

Mtendere anali atagwada pakhomo la chipinda chodyera, thireyi ya tiyi ili m'manja. Anaitula pansi.

Bambo ake, a Reinford Chalemba, anali atamwalira dzulo lake ali pa opaleshoni ya mtima. Panja pa nyumba yawo ya ku Area 47 tenti inali itaimikidwa, masamba atayalidwa pamsewu, anthu atadzaza bwalo. Chosowa chinali chimodzi: nyimbo. Amayi a mpingo, amene pamaliro ena amafika moto usanakolezedwe, sanaoneke. M'malo mwawo kunabwera mkulu wa mpingo, a Levison, amene tsopano anali atakhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Mayi Chalemba, ife maliro sitinawakane," anatero a Levison akuyang'ana namfedwa, mayi Sellah, omwe anali pamphasa mutu uli pansi. "Koma zamveka kwa abusa kuti malemu atsanzika dziko akuitana woipayo. Ndatumidwa kudzamva. Mwambo wathu mukuudziwa. Ngati zili choncho, mpingo suvala yunifolomu ndipo suimba."

Mtendere anamva mantha enieni. Bambo ake akaikidwe mwakachetechete ngati chigawenga, munthu amene anakonza pampu ya tchalitchi chomwecho zaka zonsezi osalandirapo ngakhale botolo la Fanta?

Kuti a Chalemba anali munthu wa pakamwa, palibe akanatsutsa. Ali mnyamata, nthawi ija ya chipani chimodzi, anadutsa malire a Tanzania ndi kachikwama kokha, ndipo mwayi unakawaponya ku Rasha komwe anaphunzira za mapampu a madzi. Anabwerako zipani zitachuluka, ali ndi digiri, chipewa chaubweya chomwe sichinaonepo ntchito mu Lilongwe muno, ndi thumba lodzaza zotukwana. Ena amaweta nkhunda. Iwo ankaweta mawu.

Akamva mnyamata wa tayi ku City Centre akukalipa pafoni kuti "bullshit", ankaima n'kumudikira amalize. "Achimwene," ankatero mwaulemu, "Mngelezi akakwiya amatchula ndowe za ng'ombe yamphongo. Mrasha amati chush sobachya, zopusa za galu. Sankhani nokha nyama imene yakulakwirani." Mnyamatayo ankachoka akuseka, ataiwala n'chomwe chinamukwiyitsa.

Kunyumba zinali chimodzimodzi. Mtendere ali kusekondale anapempha njinga, ndipo iwo anati, "Mngelezi akuti udzaipeza when pigs fly, nkhumba zikadzauluka. Mrasha akuti nkhanu ikadzaimba mluzu paphiri. Ine ndikuti ukakhoza masamu." Mwana akawanamiza ankangopukusa makutu n'kunena kuti, "Iwe, usandikoloweke supageti m'makutu," poti Arasha amatero kwa munthu wabodza.

Panalinso mawu ena olemera, otchula amayi a munthu ndi zobisika za m'thupi, amene sanawamasulirepo. Amenewo ankasungira mapampu. Mtendere anakula akuwaona atagona chagada pansi pa pampu ya eni ake ku Area 14, sipanala ili m'manja, akuitukwana m'Chirasha mpaka madzi atatuluka. "Mkwiyo uli ngati madzi a m'paipi, mwanawe," ankatero akudzipukuta girisi. "Ukautsekera ponseponse, paipi imaphulika. Wanga ndimautulutsira ku chitsulo, m'chinenero chimene sichipweteka munthu." Ndipo zinali zoona. Mtendere sanawamvepo akunena mkazi wawo, mwana kapena wantchito ngakhale kuti chitsiru. Ankawanyadira bambo akewo, ndipo sankabisa.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mtendere anasendera pafupi, akadali chogwada.

"Bambo mkulu, ndingayankhuleko? Mawuwo ananenadi. Azakhali sakunama. Koma ndinawayambitsa ndine."

"Iwe?" anafunsa azakhali.

"Ine. Akuwakankha pa kabedi kupita ku opaleshoni, anandigwira dzanja n'kunena kuti, 'Kodi ulendo wonsewu undisiya ndipite wopanda kamba?' Ndinadziwa chomwe akufuna. Ndinati, 'Ni pukha, ni pera.' Iwo anaseka n'kuyankha kuti, 'K chortu.' Nesi anafunsa kuti akuti chiyani agogowa, ndipo mukuwadziwa adadi, anamasulira okha: 'Ndikumuuza kuti apite kwa mdyerekezi.' Chitseko chinatsekeka akusekabe."

"Mwamva nokha," anatero azakhali. "Kutemberera mwana wako pakhomo la imfa."

"Si temberero, azakhali. Ndi mmene ankatsanzikirana alenje a ku Rasha. Mlenje akamapita kuuzimba, anzake sankamufunira zabwino mokweza, kuopa kuti mizimu yoipa ingamve n'kumutsatira. Ankamuuza kuti ni pukha, ni pera, kutanthauza kuti usakaphe cha ubweya, usakaphe cha nthenga. Iye sankayenera kuthokoza, ankayenera kuwathamangitsa ndi mawu oipa. Mizimu ikamva zimenezo inkati apa palibe chabwino choti tiononge, n'kubwerera. Adadi ankati Angelezi nawo amauzana kuti break a leg, ukathyoke mwendo, munthu akamakwera pabwalo kukasewera."

Mtendere anapitiriza. "M'nyumba muno palibe analembapo mayeso osamva mawu amenewo. Ine ndinawamva pa sitandade eyiti, pa fomu folo, ngakhale tsiku la ukwati wanga. Nthawi zonse ndinkayankha kuti kichotu, poti lilime langa linkatha pomwepo. Dzuloli inali nthawi yoyamba kuti iwo akhale oyenda, ine wotsala."

A Levison anatembenuza chipewa pabondo. "Ndamva, mayi. Koma dzina la woipayo ndi dzina la woipayo, kaya m'Chichewa kaya m'chinenero cha kwa eni chisanu. Mkhristu sasewera nalo. Komanso zoopa mizimu ikamva, si za chikunja zimenezo?"

Funsolo linali la nzeru, ndipo a Levison sanali munthu wankhanza. Mtendere anangoyang'ana makapu a tiyi amene anali atayamba kuzizira.

Apa m'pamene mayi Sellah anadzutsa mutu. Chiyambire dzulo anali asanatulutse mawu, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti mwambo wa Chirashawu iwo sanaukonde. Zaka zonse za banja lawo, amuna awo akawauza mawuwo popita kusikelo kapena kumudzi, ankangoyankha kuti, "Ine pakamwa panga m'poimbira kwaya, a Chalemba," n'kutuluka.

"Alamu," anatero mayi Sellah akuyang'ana azakhali, "achimwene anuwa asanabatizidwe, kumudzi ankawatchula ndani?"

Azakhali anayang'ana kumbali.

"Nenani, alamu. Ndinu munandiuza."

"Manda," anayankha motsitsa.

"Anawapatsa ndani dzinalo?"

"Amayi. Ana awiri anali atatsogola asanayambe n'kukwawa komwe. Atabadwa achimwene, amayi anati uyu ndi Manda, kuti imfa ikamva iziti uyu ndinatenga kale."

"Apongozi anga aja anali mayi wa mpingo, ndipo mpingo unawaimbira mpaka kumanda. Kodi pomutcha mwana wawo Manda, ankamufunira manda?"

Azakhali anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mlongo, kumene mantha anali atakutsekereza chiyambire dzulo. "Ine ndimaopa kuti achimwene atayika," ankatero. "Ndinangouza mayi mmodzi kuti andithandize kupemphera."

"Amuna anga anali ndi mantha dzulo," anapitiriza mayi Sellah, tsopano akuyang'ana a Levison. "Ndinawaona manja. Koma anaona kuti mwana wawo akuopa kuposa iwo, ndiye anafuna kuti amusiye akuseka. Ngati limenelo ndi tchimo, kauzeni abusa kuti tidzaimba tokha."

A Levison anaimirira. "Ndikanena monga ndamvera," anatero, osalonjeza kanthu.

Mtendere anawaperekeza mpaka pageti. Atafika pomwe panayalidwa masamba, mkuluyo anaima n'kutsokomola pang'ono.

"Mayi, mawu oyankhira aja mwati amamveka bwanji?"

"K chortu."

"Chaka chatha, popita kukandichotsa ng'ala m'maso, ananditengera kuchipatala ndi bambo anu pa pikapu yawo ija. Pakhomo anandiuza mawu achilendo, n'kuti ndiyankhe kuti kichotu. Ndinkayesa ndi zikomo wa kumeneko." Anayang'ana pansi. "Ndiye kuti ine, mkulu wa mpingo, ndinawauza kuti apite kwa..."

"Eya, bambo."

A Levison anavala chipewa. Pakamwa pawo panagwedezeka ngati munthu amene akulimbana ndi chiseko pamalo osayenera. "Anandidikira panja tsiku lonse osadya," anatero, n'kumapita.

Tsiku limenelo linatha popanda nyimbo. M'mawa mwake galimoto inabweretsa bokosi kuchokera kumochale, kuti thupi litsanzike nyumba lisanapite kumudzi ku Malingunde. Mtendere ankangoyang'ana kugeti mpaka khosi linawawa. Anyamata atayamba kutsitsa bokosi, kumsewu kunamveka liwu limodzi la mayi likutsogolera, kenaka ambiri akulandira. Analowa ali pamzere, mabulauzi oyera ndi maduku oyera, a Levison ali pambuyo ndi buku la nyimbo. Mtendere anatsamira khoma.

Mapemphero atatha, amuna anaimirira kuti anyamule bokosi. Mtendere anakweza dzanja.

"Pepani, tikhale kaye pansi pang'ono."

Umenewunso unali mwambo wa a Chalemba. Munthu asananyamuke ulendo, katundu ali kale m'galimoto, onse ankayenera kukhala pansi kamphindi osayankhula. Ana ankadandaula kuti basi iwasiya, koma iwo ankati Mrasha sathamangira msewu, amaulola kuti umudikire. Anthu anayang'anana, a Levison anakhala, ndipo onse anatsatira. M'nyumba monse munangoti zii, kunja kokha njiwa ikulira pa waya wa magetsi.

Mtendere anagwada pambali pa bokosi n'kuika dzanja pa thabwa. Sanafune kuti aliyense amve, koma m'chetemo mawu anayenda.

"Ni pukha, ni pera, adadi."

Anadikira, ngakhale ankadziwa kuti palibe choti adikire. Misozi inagwera pa thabwa. Ulendo uno woyendayo sakanayankha, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa zonse za masiku amenewa.

Kumbuyo kwake mphasa inalira. Mayi Sellah anasendera, anaika dzanja lawo pamwamba pa la mwana wawo, n'kuyankha ndi pakamwa pawo poimbira kwaya paja.

"Kichotu," anatero motsitsa. "Nyamulani, azipita."