Mpesa Umene Molly Anadula

Mpeni unali kale m'manja mwa Molly asanaganize bwino chimene akuchita. Mphepo ya Ogasiti inali itaulutsa bulauzi yake yoyera ya Chigwirizano pawaya woyanikira zovala n'kukaikola m'nthambi zouma za mpesa. Poisolola inang'ambika kuyambira paphewa mpaka m'khwapa. Bulauziyo inali imodzi yokha, ndipo msonkhano wa amayi kutchalitchi unali mawa lake. Anadula nthambi yolakwayo, kenako inzake imene inali pafupi, ndipo poti mkwiyo suwerenga, anangopitiriza. Pamene mtima unkatsika n'kuti patatsala thunthu ndi mikono iwiri yokha, yokhala ndi tizitsa tatifupi ngati zala.

Apa m'pamene anakumbukira kuti mpesawo unali ndi mwini wake.

Mipesa inalipo isanu ndi umodzi kuseri kwa nyumba yawo ku Nangongwe, ndipo amuna ake, a Chindikani Mwale, ankaikonda mochititsa manyazi. Fakitale imene ankagwirako ntchito itatsekedwa iwo anakagwirako ulonda pafamu ina ku Shimabala, ndipo pochoka anabwera ndi timitengo tokulunga m'saka lonyowa. Anatidzala pamalo abwino koposa onse, pamene madzi a pampopi amatsikira. Kwa zaka zinayi ankathirira, kuika manyowa a nkhuku, ndipo chisanu cha kumtsinje chikafika mu Juni ankafunditsa mizu ndi udzu. Waukulu kwambiri anaupatsa ndi dzina lomwe, ankautcha Folomani. Chinthu chimodzi chokha ankakana: kudulira. Mnansi wawo Lastone, amene anagwirapo ntchito m'munda wa mphesa pafamu yomwe ija, anawauza chaka ndi chaka kuti mpesa umafuna mpeni nyengo yozizira ikamatha. A Mwale ankayankha kuti munthu sadula mkono wa mwana wake. Mipesayo inawabwezera chikondi chawo ndi masamba, masamba ochuluka zedi, osati n'kutendera komwe.

Molly ankagulitsa repu ndi tomato pamsika, ndipo malo onyowa aja ankamupweteka mtima tsiku lililonse. Nkhaniyi anakangana mpaka inatopa yokha.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, amake Thoko," anatero a Mwale tsiku lina.

"Nadekha zaka folo, a Mwale. Nkhono yanu ilibe maso."

Tsiku limenelo anapangana: ngati pofika tsiku la Ufulu mu Okotobala sipaoneka ngakhale tsango limodzi la mphesa, mipesa izulidwa ndipo padzalidwa repu. Molly sankakayika kuti wapambana. Anali atafesa kale mbewu m'mabeseni akale.

Koma pangano linali la Okotobala, ndipo uno unali Ogasiti. Dzuwa litakwera, Molly anaona chinthu chachilendo. Pamabala onse a mpesa uja panayamba kutuluka madzi oyera, dontho ndi dontho, mpaka dothi la pansi linanyowa. Anapukuta ndi chitenje, madzi anabweranso. Iye sanali munthu wa mantha, koma mtengo wolira anali asanauonepo.

A Mwale anafika masana kuchokera ku Chanyanya, nsomba zili pakaliyala ya njinga, akuimba mluzu. Mluzuwo unathera pakona ya nyumba. Molly anali atakonzeka kukangana, bulauzi yong'ambika ili m'manja ngati mboni, koma amuna ake sanamupatse mpata. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mulu wa nthambi. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi vesiti yawo yakale, n'kuing'amba tinsanza, n'kuyamba kumanga bala lililonse palokha. Lastone, amene ankaonera pampanda, anayesa kuwauza kuti mpesa umalira chabe koma sufa. Iwo sanatembenuke.

"Tinapangana Okotobala, amake Thoko," anatero motsitsa, akumanga kansanza komaliza. "Mwafulumira."

Kukanakhala kukalipa, Molly akanadziwa poyankha. Mawu ofatsawo anamulasa, ndipo nsomba za tsiku limenelo sizinamukomere.

Kuyambira pamenepo a Mwale anasiya kufika pakona imeneyo. Ankathirira isanu yotsalayo, akafika pa wodulidwa uja n'kubwerera, nkhope itayang'ana kwina ngati wodutsa pamanda. Molly ndiye anayamba kukhuthulira madzi otsukira ndiwo pachitsa chija. Ankadziuza kuti si chisoni ayi, madziwo anayenera kutayidwa penapake basi.

Mphepo inachepa, m'mawa munasiya kuluma zala, ndipo anthu anavula majuzi. Tinsanza tija tinauma n'kugwa tokha. Molly anaona timaso ta pazitsa tikutupa, kenako tikutumbuka, kenako mphukira zonenepa zikukwera waya mothamanga. Sizinamudabwitse, poti masamba si nkhani yachilendo pakhomo limenelo.

Tsiku lina pakati pa Seputembala, akuyanika zovala, pegi inamugwera pansi pa mpesawo. Powerama anaona kanthu kobiriwira kobisala kuseri kwa tsamba, kokhala ngati ngala ya mapira yaing'ono kwambiri. Anatukula tsamba lina, kanalipo kena. Anawerenga mpaka khumi ndi kamodzi. Anapita kwa isanu ija, n'kufufuza nthambi ndi nthambi, koma kunali masamba okhaokha monga mwa masiku onse. Ndiye kuti Lastone ankanena zoona zaka zonsezi, ndipo iye Molly, ndi mpeni wake womwe, anali atapulumutsa mipesa imene ankafuna kuizula.

Anakhala pansi pandowa yovundikira. A Mwale anali kumaso kwa nyumba akukonza tcheni cha njinga. Maso awo anali ofooka, ndiponso kuno sankafikako. Titsango khumi ndi kamodzi n'ntchito ya zikhadabo ziwiri, yosatenga nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Palibe akanadziwa. Mbande za repu zinali zitathinana kale m'mabeseni, zikudikira malo. Molly anatambasula dzanja n'kugwira katsango koyamba pakati pa chala ndi chikhadabo.

Kanali kofewa ngati khutu la khanda. Anakumbukira munthu wamkulu, wa imvi, akung'amba vesiti yake kuti amange mabala a mtengo. Zinali zoseketsa, koma sanathe kuseka. Panalinso china chimene chinamudabwitsa iye mwini: kunyada. Zaka zinayi za manyowa ndi udzu sizinabale kanthu, koma iye m'mawa umodzi wokha anabalitsa. Akatsina, adzauza ndani?

"A Mwale," anaitana. "Bwelani muone nkhono yanu."

Anabwera monyinyirika, akupukuta girisi m'manja, ndipo anaima patali. Molly anachita kuwakoka dzanja la shati n'kuwatukulira tsamba. Iwo anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza. Anawerenga ndi chala, n'kuyambiranso, ndipo atafika pa khumi ndi kamodzi kachiwiri anavula chipewa. Kenako anaitana Lastone ndi mawu amene anamveka mpaka kumsewu wa maminibasi.

Lastone anaseka mpaka anagwira mpanda. Anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma makutu a anthu ena amafuna pulayala. A Mwale anavomera chitonzocho ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. Atafunsa za isanu ija, Lastone anati nthawi yapitako ndithu, komabe akadulira sabata yomweyo ikhoza kuchitako kanthu, ndipo chaka chamawa ndiye osanena. Anawaonetsa poyenera kusiya: timaso tiwiri pachitsa chilichonse, zina zonse pansi.

A Mwale anayang'ana Folomani, wamkulu wa isanu ija, amene nthambi zake zinali zitafika padenga la bafa. Analowa m'khitchini, n'kutuluka ndi mpeni womwe uja, n'kuunola pasitepe mosamala kwambiri. Anafika pamtengopo, anagwira nthambi imodzi, anaisiya, anagwira ina, anaisiyanso. Pomaliza anatembenuza mpeniwo, chigwiriro kutsogolo, n'kuupereka kwa akazi awo ndi manja awiri.

"Ine siningakwanise. Imwe muli na dzanja."

"Manje repu yanga niike kuti? Pamutu?"

A Mwale anaganiza pang'ono, ndipo anapereka chimene Molly sanayembekezere: bwalo la kumaso, pamene iwo ankakhala pampando madzulo alionse kulonjera odutsa. Anati alima okha, ndipo madzi azitunga okha ndi ndowa. Molly anati akufunanso bulauzi yatsopano, poti yosoka ija amayi anzake ankaiyang'ana kwambiri. Ananenanso kuti tsango loyamba kupsa ndi lake, ndipo akalidyera pamsika, anthu onse akuona. Zonse zinavomerezedwa popanda apilo.

A Mwale anatenga khasu n'kuzungulira kumaso. Posakhalitsa wailesi inayamba kulira mokweza kuposa masiku onse, ndipo Molly anadziwa chifukwa chake: munthuyo sankafuna kumva kulira kwa mpeni. Anamangitsa chitenje m'chiuno, anayesa mpeni pachala, n'kuyamba ndi Folomani.