Neti ya Kanyerere

Anafungo anali chogwada pakati pa zitini zawo, akutsina nsonga za mpungabwi kuti uchite nthambi, pamene chitseko cha mpanda chinamenyedwa ndi phazi mpaka thabwa kuthothoka. Analowa mkamwini wawo, wa kubutchala, epuloni ili magazi okhaokha, chikwanje chodulira mafupa chili m'manja.

"Ili kuti?"

"Moni kaye, bambo. Mwana wadzuka bwanji kuchipatalako?"

"Ndati neti ya mwana wanga ili kuti?"

Sanadikire yankho. Anaiona yekha pakona ya bwalo, itakungidwa pa timitengo tinayi, ikutchinga mbande kuti nkhuku zisapalase.

Dzina la Anafungo linachokera m'bwalo momwemo. Chibwerereni kudzakhala kwa mwana wawo wamkazi, anadzaza paliponse ndi mpungabwi, chanzi ndi lemonigirasi: m'zitini za penti, m'matayala, m'ndowa zobooka. Madzulo ankafikisa masamba n'kupaka m'mawindo, ena n'kufukiza pa makala. Udzudzu unachepadi pakhonde, ntchentche zinasamukira kwa aneba. Nkhuku zitawathera mbande kawiri, anamasula neti pa bedi la mdzukulu wawo Kanyerere, yemwe ankagona naye chipinda chimodzi, n'kuika chitini cha mpungabwi pawindo. "Udzudzu umadutsa nyumba ino utagwira mphuno," ankatero. Makolo a mwanayo atafunsa za neti ya pabwalo, anati ndi yakale ija.

Lero linali tsiku lachitatu mwana ali pa diripi chifukwa cha malungo.

"Namwino wafunsa ngati amagona m'neti, ine n'kuvomera ngati chitsiru," anatero mkamwini. "Mwana, thupi lili moto, akuti, 'Agogo anafunditsa maluwa.' Maluwa, amayi!"

Chikwanje chinatsika. Lemonigirasi anagwa ngati tsitsi kwa ometa. Chitini chinauluka n'kukaswa windo, china chinaphwanyika pakhoma, dothi lili mbwee. Fungo linakwera lamphamvu mpaka maso kuwawa.

"Zaka zitatu ndikulera zimenezi!" Anafungo anamugwira mkono. Iye anangowakutumula. Anagwera pa ndowa, mkombero wa chitsulo n'kuwang'amba pamwamba pa diso. Magazi atafika mkamwa, ulemu wa chipongozi unathera pomwepo. Anatola khasu n'kumukhoma nalo pa msongolo. Mwamunayo anabuula, nagwada bondo limodzi, kenaka anadzuka chikwanje chili m'mwamba.

"Tema!" anakuwa Anafungo, atatambasula khosi. "Si ntchito yako? Tema, ukapachike pa ngowe!"

Aneba anali atadzaza pampanda, koma panalibe wolowa. Kenaka mkamwini anatembenuka n'kutema tayala, kamodzi, kawiri, kasanu, mpaka chikwanje chinakanirira mu labala.

"Safunsa anadya phula," anatero akupuma movutikira. "Koma phula lanu wadya ndi mwana wanga. Achire, asachire, ndisadzakupezeni pano."

Anatuluka akutsimphina.

Anafungo anali ndi mawu ambiri oti amuponyere kumsana: kuti mankhwala opopera amamutsokomoletsa mwanayo, kuti udzudzu ukhoza kukhala wa kusukulu. Anawameza onse. Iwo eni ankaumva ukulira m'chipindamo, n'kumadziuza kuti ndi umodzi wosochera.

Anamanga chilonda ndi mpango. Anamasula neti, naichapa, nasoka mabowo asanu ndi awiri ndi ulusi wakuda poti woyera unalibe. Zovala zawo zinakwana m'chikwama chimodzi.

Pakhomo la wodi ya ana anakumana ndi mwana wawo, maso ali psuu. Mayi wa Kanyerereyo anayang'ana mpango wa magaziwo. Analandira neti ija ikadali yachinyezi.

"Wamwako madzi?"

"Wamwa."

"Ndimuone pang'ono pokha, mwanawe."

"Ayi, amayi."

Chitseko chinatsekedwa mosamenyetsa.

Anafungo anakhala pa benchi yapanja, chikwama pamiyendo. Dzuwa litapendeka, udzudzu unatera padzanja lawo, pamtsempha penipeni. Anauyang'ana ukuboola, ukumwa, mimba yake ikufiira pang'onopang'ono. Dzanja linalo silinasunthe.