Msoko wa pa Nkhope

"Amake Debora, madzi!"

Ndinakuwa choncho ulusi utangoduka, mayi Peggy akukwera kale masitepe a khonde ndi mtolo wa nsalu pamutu. Pa Malomo ponse ankadziwa kuti Elifala telala, wa pakhonde la sitolo ya a Stephano, ali ndi matenda a shuga ndipo amamwa madzi ngati ng'ombe yomasulidwa pagoli. Choncho panalibe wodabwa ndikaitana. Mkazi wanga Faines ankagulitsa zitumbuwa tsidya la msewu. Akamva mawu amenewo ankabwera ndi kapu, n'kuwerama mwaulemu, msana wake utatchinga makina. Ine ndikumwa, iye ankalowetsa ulusi pasingano. Ludzu linalipo ndithu, koma chomuitanira chenicheni chinali chimenecho. Kabowo ka singano ndinali nditasiya kukaona kalekale, ndipo tinkabisa.

"Mwaswera bwanji a telala?" anatero mayi Peggy potula mtolo.

"Taswera mayi, kaya inu anzathu?"

"Ife tili paliwiro. Amayi akukavina ku boma Loweruka la sabata yamawa. Mabulauzi ndi masiketi, miyeso ndi yomwe ija ya chaka chatha, kupatula ine, ndawonjezerako pang'ono." Anaseka. "Kasokedwe kake mukukadziwa."

Mayi Peggy anali wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu, komanso mnzake wa Faines ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Kasokedwe kamene ankanenako telala aliyense wa masiku amenewo ankakadziwa ngakhale umudzutse kutulo. Nsalu ya chipani inali ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, ndipo pambali pake panali tambala wakuda. Nkhopeyo sinkadulidwa, sinkazondotsedwa, sinkagwera pokhalira. Inkayenera kukhala pachifuwa, yathunthu. Wolakwitsa ankafunsidwa funso limodzi lokha, lakuti wamutuma ndani, ndipo ankakayankhira kutali ndi kwawo.

Ndikanaikana ntchito imeneyo. Yunifolomu ya ana asukulu, zigamba, kupinda mathalauza, zonsezo zala zanga zinkasoka zokha popanda kufunsa maso. Koma nsalu ya zithunzi inkafuna munthu woona, pamene ine ndinali ngati walowa m'balani ya fodya wa chikopa utsi uli mkati. Ndinkaona kuwala, ndinkaona mdima, ndi zinthu zoyendayenda pakati pake. Komano mapilitsi anga a shuga anali atatha dzulo lake, ndipo mayi Peggy ankaperekako kangachepe ntchito isanayambe.

"Musadandaule mayi," ndinatero. "Lachisanu mudzatenge."

Masana omwewo kangachepe kaja ndinakakatula kwa a Dominiko. Iwowa anagwirapo ntchito m'zipatala za boma, kenaka anapuma n'kutsegula kiliniki yawoyawo kuseri kwa msika. Chipatala chaulere chinalipo, koma ulendo wake unkadya tsiku lathunthu la ntchito, ndipo kawirikawiri ndinkabwerako ndi kapepala kokha kolembedwa dzina la mankhwala oti ndikagule. Kwa a Dominiko mankhwala sankatha. Zimene zinkatha ndi mbuzi zanga. Anali munthu wa mawu ozizira, wodziwa kulonjera, moti ukamatuluka unkadzimva ngati ndiwe wapatsidwa mphatso. Anandigulitsa mankhwala odontheza m'maso, kenaka magalasi, kenaka magalasi ena okhuthala, ndipo tsopano tinali pa jakisoni amene ankati ngwochokera ku Joni.

"Shuga wakweranso, a telala. Mwadya chiyani?"

"Zomwe munandilola zija, adokotala. Mgaiwa ndi masamba. Ngakhale chitumbuwa cha mkazi wanga yemwe ndimangochimva fungo."

"Ndiye kuti ndi maganizo. Musamaganize kwambiri."

"Adokotala, tandiuzani zoona. Masowa adzatseguka?"

"Aa, musamafunse choncho, mumafooketsa mankhwala. Tingomaliza majakisoniwa, mudzandithokoza." Anandisisita pamkono ndi thonje. "Za maso anu sindiuza munthu, musaope. Telala wosaona angamupatse nsalu ndani? Inu muzisoka, ife tizikuthandizani. Zikadzavuta, makina aja akhoza kudzakhala kuno, tidzamvana."

Ndinaseka ngati ndamva nthabwala. Makinawo ndinabwera nawo kuchokera ku Halale ndisanakwatire, ndipo ndi amene analera mwana wathu Debora mpaka kumulowetsa m'banja. Potuluka, mayi Roza, akazi awo a dokotala, anandikulungira mapilitsi m'kapepala. Ndinali nditatopa. Sindinkamva kuwawa paliponse, koma kuyembekeza mwezi ndi mwezi kuti utsi uja uphwa kunali kutandifoola. Ndinayenda motsatira mpanda wa msika mpaka kukafika pakhonde.

Ine ndi Faines tinapangana nzeru. Iye ankayala nsalu pamphasa n'kubaya mapini mozungulira nkhope iliyonse, kuti zala zanga zizidziwa pamene sizasi sayenera kudutsa. Zinkayenda bwino mpaka Lachiwiri, pamene kunabwera uthenga woti atsibweni ake amwalira ku Chisepo. Maliro a atsibweni munthu sajomba. Anamanga kamtolo kake mofulumira, ataima pakhomo n'kutembenuka.

"Musoke zamapini zokha, abambo ake Debora. Ya mayi Peggy sindinaibaye, musaikhudze. Ndibwera Lachinayi."

Lachinayi linafika, iye osaoneka. Inali nyengo ya mvula, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti mtsinje unadzaza, anthu n'kugona tsidya. Ine ndinali nditapempha a Stephano kuti makina alowe m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, ponamizira mvula yomweyo, kuti anthu asaone mmene ndinkalimbirana ndi singano. Ulusi ukaduka, kuulowetsa ndekha kunkanditengera nthawi yoti nyemba zikhoza kupsa. Zamapini zonse ndinamaliza. Inatsala ya wapampando yokha, imene sakanaima patsogolo pa gule popanda iyo.

Ndinaitulutsa pakhomo n'kuitambasula moyang'anitsa kumene kunali dzuwa. Ndinaona madontho akuda, ena aakulu, ena aang'ono. Ndinasankha lakuda kwambiri, mumtima n'kuti nkhope ndi imeneyi. Ndinalizungulira ndi choko mosamala, ndinaliika pachifuwa penipeni, ndipo kumsana ndinadula molunjika poti padutse zipi. Misoko yake inali yowongoka. Pa zimenezo zokha palibe anganditsutse mpaka lero.

Lachisanu linali tsiku la msika, pakhonde pali anthu thoo. Mayi Peggy anabwera ndi Andireya, mkulu wa ayufi, aja a malaya ofiira amene ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi a chipani. Anabwera naye kuti awanyamulire mtolo. Anayamba kufunyulula zovala chimodzichimodzi, uku akuyamikira.

"Taonani manja a munthu! Nanga yanga ili kuti?"

Ndinawapatsa. Ndinamva nsalu ikukutumulidwa, kenaka zii. Ngakhale mayi wina amene ankakangana ndi a Stephano za mtengo wa mchere anasiyira pakati.

"Ichi n'chiyani?" Anali mawu a Andireya. "Tambala pachifuwa, nkhope kumsana! Ndiye zipi wadutsa pamphuno penipeni, diso lina uku, lina uko. Mwaing'amba pakati, bambo inu!" Anandigwira pamkono pomwe panali jakisoni paja. "Wakutumani ndani? Tiyeni, mukanenera kutsogolo."

Pakamwa panga panauma kuposa mmene shuga ankaumitsira. Ndinafuna kuitana madzi, koma woti abweretse kunalibe.

"Taimani kaye, Andireya," anatero mayi Peggy. Anasendera pafupi mpaka ndinamva fungo la sopo wawo. "A telala, duku limene ndavalali ndi la mtundu wanji?"

Ndinayang'ana kumene kunkachokera mawu. Ndinaona chinthu chakuda, chozungulira. "Lobiriwira, mayi," ndinatero, pokumbukira limene ankakonda kuvala zaka zimene ndinkaona.

"Ndilibe duku kumutu. Ndalivula, lili m'manja mwangamu." Kenaka anatsitsa mawu kuti ndimve ndekha. "Nenani nokha, mokweza, anthu onsewa amve. Mukapanda kutero, ine sindingathe kukuwombolani."

Ndinadziwa amene anali pakhondepo, chifukwa mawu awo ndinali nditawamva. Panali akazi a ahedi, amene ankanditumizira yunifolomu ya sukulu yonse. Panali mkulu wa mpingo amene jekete lake linali m'dengu langa. Panali alimi amene ankabwera ndi nsalu akagulitsa fodya. Chimene tinabisa ndi Faines nthawi yonseyi, chimene ndinagulitsira mbuzi, ndi chimene ndinkayenera kuchiika poyera ndi pakamwa panga.

"Sindiona," ndinatero.

"Kwezani mawu, bambo."

"Sindiona! Maso anga anatha kalekale. Ndimasoka ndi zala."

Ndinamva kamphepo kakudutsa pankhope panga. Anthu anati "Ogo!" onse pamodzi. Ndiye kuti Andireya anali ataponya dzanja ngati akundiwomba mbama, ine osaphethira n'komwe. Anandisiya mkono pang'onopang'ono.

"Munthu wakhungu anganyoze bwanji chimene sakuchiona?" anatero mayi Peggy. Ndinamva akupinda bulauzi ija n'kuilowetsa m'chitenje. "Iyi sinasokedwe, ndipo palibe waiona. Ndikavina ndi ya chaka chatha, ngakhale indithine. Nyamulani mtolo, Andireya."

Asanatsike n'komwe masitepe, munthu wina kumbuyo anati, "N'chifukwa chake thalauza langa lija limakoka mwendo umodzi!" Anthu anaseka, poti mantha anali atawachoka. Thalauza limenelo analivala zaka ziwiri osadandaula.

Faines anafika mawa lake, nkhani ataimva kale m'njira. Sanandikalipire. Anakhala pansi pafupi ndi miyendo yanga n'kunena kuti, "Bola muli pano." Ndinavomera kuti bola. Koma kuyambira sabata imeneyo dengu la nsalu linayamba kupepuka. Akazi a ahedi anatumiza uthenga waulemu kwambiri. Mkulu wa mpingo anadzatenga jekete lake losasoka, n'kundipempherera. Anthu ankandilonjera mwachifundo, mokuwa, ngati makutu nawonso anapita. Ndinkakhalabe pakhonde kuyambira m'mawa, manja ali pamakina, osaitananso madzi pokhapokha ludzu likandigwira.

Mapilitsi atatha ndinapita kwa a Dominiko chimanjamanja.

"Ndamva zimene zinachitika, a telala, pepani kwambiri," anatero ndi mawu awo ozizira aja. "Tsopano poti zadziwika, majakisoni a maso tingosiya. Pamene zafikapa sangathandize."

"Anayamba liti kusathandiza, adokotala?"

Ndinamva akusuntha mabotolo patebulo. "Zachipatala n'zovuta kufotokoza. Koma mapilitsi a shuga musayerekeze kusiya. Mukasiya amenewo, ndi maliro."

"Nanga ndigula ndi chiyani?"

"Paja tinakambirana kale. Makina aja inu simungawagwiritsenso ntchito. Abwere kuno, muzidzatenga mapilitsi mwezi ndi mwezi mpaka tidzaone."

Sindinakangane nawo. Mphamvu zokangana zinali zitatha, ndipo kufa sindinkafuna. Makina anapita pangolo ya a Stephano. Faines anandiuza kuti anawafunditsa chitenje chake kuti asalowe fumbi, ine ndinangomva mawilo a ngolo akulira mpaka kukhota kwa msika.

Mwezi wotsatira Faines ananditsogolera kukatenga mapilitsi. Mayi Roza sanalinso pawindo pamene ndinawazolowera. "Khalani apa, bambo," anatero, ndipo Faines anandikhazika pampando patsogolo pa katebulo. Ndinaika manja pamwamba pake. Panali poyalidwa pulasitiki, pali mabotolo ndi timapepala tokulungira mankhwala. Koma m'mphepete zala zanga zinapeza kamzera kamene tepi yanga inadya pathabwa, ndipo bondo langa linagunda chitsulo chozizira chimene linkachidziwa. Mutu wa makina anali ataupindira mkati, lamba atachotsa.

Sindinaganize kanthu. Phazi langa linakwera lokha pachopondera n'kuyamba kuponda, kutsogolo, kumbuyo, monga linkachitira moyo wanga wonse. Gudumu la pansi linazungulira mopepuka, losakoka kanthu, likulira ngati lasowa mafuta. Mabotolo anayamba kugundana.

"Bambo," anatero mayi Roza, "musagwedeze tebulo, mapilitsi agwa."