Galafu Yoyang'ana Kumwamba

Zaina, mnzanga wa pa desiki, masamu ankangowamwa ngati phala. Koma bambo ake, a Swaibu a kwa Mposa, anali atanena poyera kuti akalephera phunziro ngakhale limodzi temu imeneyo, sukulu yatha, akwatiwe. Mwamuna anali atapezeka kale, wogulitsa nsomba ku Liwonde.

Lolemba a Cephas, aphunzitsi athu a masamu, anajambula pa bolodi galafu yokhota ngati mbale, pambali pake nalemba y = ax² + c.

"Muziyang'ana nambala iyi, a," anatero. "Ikakula, mbale imapanikizika, kukamwa kumachepa. Ikachepa, mbale imatambasuka. Iyi yakumapetoyi, c, imangokweza mbale yonse kapena kuitsitsa. Mawa tidzaona zimene zimachitika a akakhala ndi mainasi."

M'mawa mwake lole ya chipani inaima pakhomo pa kalasi. Akuti atsikana tonse tikwere, tikaphunzire magule a msonkhano ku Balaka. A Cephas anati atsegule pakamwa, tcheyamani wa chipanicho anangowayang'ana, iwo n'kutembenukira ku bolodi. Sabata yonse ife tinali pa fumbi kugwedeza chiuno, anyamata ali m'kalasi. Tinabwerako mayeso ali mawa, miyendo itatupa. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, ndipo sindibisa.

Mafunso ambiri anachokera m'sabata yomweyo. Lalikulu linati tionetse maonekedwe a y = −2x² + 3 popanda kuwerengetsa. Zaina anaipanikiza mbale yake bwinobwino, naikweza pa 3, ikuyang'ana kumwamba. Zoti mainasi amaivundikira mbale, akanamuuza ndani? Ng'oma?

Tsiku lotsekera a Swaibu anabwera pa njinga. Ahedi anatulutsa pepala la Zaina pakhonde, ife tonse tikuona.

"Taonani, bambo. Anyamata onse avundikira. Atsikana onse, mbale kumwamba. Masamu si a akazi."

"Iyayi, ahedi, ife tinali ku gule!" Zaina anakuwa, misozi ili m'maso. "Munatikweza lole ndinu!"

"Khala chete iwe!" Kenaka ahedi anatembenukira kwa a Swaibu, akumwetulira. "Musamukalipire, bambo. Mutu ndiye palibe, koma kuvina amatha. Atcheyamani anamuyamikira kwambiri."

A Swaibu anamuuza Zaina kuti akatenge katundu wake yense ku hositelo, ndi bulangete lomwe.