Ndalama Zakufa za Sosten

Sosten, mwana wa achimwene anga, ananditenga ku Ntcheu n'kundibweretsa kuno ku South Bend kuti ndidzalere khanda lake miyezi yowerengeka. Khandalo, Kenan, pano likuthamanga n'kumandiyankha m'Chingerezi, ine ndikadali pompano. Galimoto sinditha kuyendetsa. Kunja sinoo amafika m'mawondo. Anthu a nyumba yoyandikana nafe sindiwadziwa, ndimangodziwa galu wawo. Ndikachoka pa windo la kukhitchini n'kukaima pa windo la pabalaza, ulendo wa tsikulo watha.

Ndikati, "Sosten, tikiti yanga ija?" amati, "Azakhali, zinthu zathina. Tiona mwezi wamawa."

Zathina! Chonsecho wa positi sasiya kubweretsa timaenvelopu. Sosten akaweruka kuchipatala kumene amagwira ntchito amasamba m'manja, kutenga kopanira kangati kozulira nsidze, n'kutulutsamo ndalama zakale za ku Russia. Amaziika m'mapulasitiki, m'chialubamu chachikulu. Zina n'zazikulu ngati mpango wa m'thumba, pali chiwombankhanga cha mitu iwiri. Zina n'ting'onoting'ono ngati masitampa.

"Izi ankadula ndi sizasi, azakhali," anandiuza tsiku lina, maso ali gwa. "Inali nthawi ya nkhondo. Mfumu itachotsedwa, gulu lililonse la asilikali linkasindikiza ndalama zake. Mitengo inkakwera tsiku ndi tsiku. Onani maziro awa."

"Ndiye ikugula chiyani imeneyi?"

"Panopa palibe."

"Ngakhale tomato?"

"Ngakhale tomato."

"Ndiye iwe ukutenga ndalama zamoyo n'kukagula zakufa? Achimwene akanadziwa, ndalama za sukulu yako zija akanagulira mbuzi."

Anaseka, n'kundionetsa ina yofiirira, yong'ambika pakona. Akuti inasindikizidwa m'katauni kena kamene asilikali anakazinga, anthu osatuluka, ndipo zotsala padziko n'zochepa kwambiri. Imeneyo ankayipatsa ulemu woposa umene amandipatsa ine.

Kenako kunabwera ukwati. Pamela, mng'ono wake wa Theresa mkazi wa Sosten, ankakwatiwa ku Indianapolis. Aka kanali koyamba kutuluka m'tauni muno chibwerereni. Ndinasita chitenje changa chabwino, n'kufunsa kuti, "Nanga zoponya pa perekaniperekani?" Sosten anandipatsa madola asanu. Asanu! Ine munthu wamkulu, woimira banja lonse la kuchimuna kwa Theresa, nyimbo isanafike pakati ndikhale nditatha?

Iwo akumangirira mwana m'galimoto, ine ndinabwerera m'nyumba ati kukatenga mankhwala a miyendo. Alubamu inali patebulo. Ndinasolola zokwana dzanja, n'kuzipinda m'kachikwama kanga. Maganizo anga anali awiri. Koyamba ndivine ngati munthu. Kachiwiri Sosten akwiye mpaka anene yekha kuti, "Gogo ameneyu apite kwawo."

Njira yonse ndi minda ya chimanga yokololedwa kale, yoyera ndi sinoo, popanda ndi munthu mmodzi yemwe wokunkha. Holo yake inali cha ku Lafayette Road, kuseri kwa sitolo ya Amwenye. M'katimo Amalawi okhaokha, manesi, ana a sukulu, abusa awiri. Mtima unayamba kugunda bwino.

Emusi, mnyamata wamimba dzina lake Chester, anakuwa kuti, "Tsopano achibale a mlamu wa mkwatibwi! Azakhali ochokera ku Ntcheu, tikuoneni!"

Ndinanyamuka. Chiuno chimene chinauma ndi hita wotenthetsa m'nyumba chinakumbukira ntchito yake. Madola aja ndinaponya m'lichero kamodzi n'kamodzi, kenako ndinatsegula kachikwama. Chiwombankhanga chinauluka. Timasitampa tija tinagwa ngati masamba. Chester anatola imodzi, n'kuyang'anitsitsa.

"Eee! Anthu inu, azakhali aponya miliyoni! Dije, bwezera nyimboyo!"

Nthungululu holo yonse. Amayi anandizungulira, zidendene zawo zikuponda pamene pagwa ndalamazo. Nditacheuka ndinaona Sosten akukwawa pansi ndi suti yake, akulowa pakati pa miyendo ya anthu.

"Musaponde! Chonde musaponde!"

Chrissie, nesi wina wamkulu thupi amene anali kashiya wa ukwatiwo, anamugwira phewa. "Achimwene, mwayamba liti kutola za perekani? Zagwa pansi ndi za akwati. Mukazifuna bwerani kutebulo mudzasinthe, ngati wina aliyense."

"Sizigwira ntchito izi, asisi. Ndi zakale."

"Ngati sizigwira ntchito, thukutalo n'lachiyani?"

Anthu anafa nacho chiseko. Mwambo ndi mwambo, ngakhale abusa anangoyang'ana kudenga. Sosten anaima patebulo paja, Chrissie akukweza pepala limodzilimodzi, Chester akuitanira mtengo pa maikolofoni ngati ali pa okushoni ya fodya. Sosten akatchula mtengo, amayi amati, "Yachepa! Ili ndi mitu iwiri imeneyo!" Pomaliza anatulutsa foni n'kutumiza ndalama kwa akwati. Pamela anabwera kudzandikumbatira, ati palibe amene waponya zambiri kuposa ine.

Tinalowa m'galimoto kubwerera. Ine ndinakhala kumbuyo, manja pamiyendo, kudikira chigamulo changa. Mumtima ndinali nditayamba kale kulongedza sutikesi.

Amene anayankhula ndi Theresa. "Azakhali, ndalama atumiza zija mukudziwa kuti zinali za chiyani? Zinali za tikiti yanu. Timafuna tikuuzeni pa Khirisimasi."

"Sosten, n'zoona?"

Sosten anangoyang'ana msewu.

"Iwe Sosten, ndikufunsa iwe."

"Tiona mwezi wamawa, azakhali."

Mpaka lero sindidziwa ngati tikitiyo inalipodi, kapena make Kenan anangoipeka kuti indiwawe. Chimene ndikudziwa n'choti Khirisimasi inadutsa, alubamu anaigulira kabati ya loko, ndipo ine ndinabwerera pa mawindo anga awiri aja.

Koma masiku amenewa Sosten sakugona tulo tabwino. Atabwezera mapepala ake m'mapulasitiki, thumba limodzi linatsala lopanda kanthu. Yofiirira ija, yong'ambika pakona. Anaimbira Chrissie, anaimbira Chester, anaimbira mpaka bambo wosesa muholo. Dzulo anabwera kukhitchini ndikudyetsa Kenan phala, n'kukhala pampando mwaulemu ngati wabwera kudzafunsira mbeta.

"Azakhali, ija ya m'katauni kozingidwa ija, munaponya nawo?"

"Ine sukulu sindinapite, mwanawe. Mapepala onse amafanana."

"Azakhali."

"Mwina ndinaponya. Mwina ili penapake pofunda, sikupondedwa ndi munthu."

Anayang'ana mpango wa kumutu kwanga, anayang'ana mfundo ya chitenje changa. Mwana woleredwa bwino sangafufuze m'zovala za mlongo wa bambo ake, ndipo tonse awiri tikudziwa zimenezo.

"Chinyezi chimaiwononga," anatero motsitsa mawu. "Thukuta makamaka."

"Ndiye fulumira. Ine ndimatuluka thukuta kwambiri ndi hita wanuyu."

"Mukufuna chiyani?"

"Ndidzaikumbukira pamene ili ndikadzakhala pa eyapoti, sutikesi italowa kale m'ndege."

Anatenga laputopu n'kukakhala pabalaza. Ndinasuzumira podutsa ndi mbale: pagalasipo panali tindege ndi mitengo yake. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kuitseka osadina kanthu. Ine ndinapukuta Kenan kukamwa, ndinamanganso mfundo ya chitenje, n'kukaima pa windo la kukhitchini. Galu uja anali panja, akukumba sinoo.