Memore Yopanda Mwini

Pa ofesi yogulitsa matikiti a basi aliyense ankamutchula kuti Mawaya, chifukwa m'thumba mwake simunkasowa chingwe cha kompyuta. Ndiye ankasamalira seva, chibokosi chakuda chokhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa mawindo ogulitsira. Miyezi imeneyo seva inkachedwa masana alionse, mzere wa apaulendo n'kufika kumsewu.

Bwana atafunsa chovuta, Mawaya sanayankhe mothamanga. Anatsegula chiwerengero chosonyeza mmene pulogalamu iliyonse ikudyera memore, malo amene makina amaikamo zimene akugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Pamwamba panali pulogalamu yosungitsira mipando pa foni, imene analemba mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake. Ya Mawaya, yosunga maulendo ndi mayina a okwera, inali pansi penipeni, yowonda ngati yosala kudya. Pamsonkhano wa antchito onse ananena zimene anaonazo, mofatsa, ndipo palibe anakayika. Bwana anazimitsa pulogalamu ya mlamuyo n'kumutumiza pawindo kukadinda matikiti, nati mwezi ukatha amufufute pa ntchito ya makompyuta.

Seva sinasinthe. "Ikuchira, bwana," ankatero Mawaya, iye mwini asakumvetsa.

M'mawa wina anaika mtundu watsopano wa pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo. Atatsegulanso chiwerengero, anapukuta magalasi. Pamwamba panali pulogalamu yake, itatupa kuposa zonse kuphatikiza. Anawerenga zimene okonza pulogalamu yaikuluyo analemba za kusinthako, kenako anakhala pansi pa katoni ya mapepala.

Memore ikadzaza, makina amasamutsira zina pa disiki, nkhokwe yake yosungira zinthu, ndipo disiki imayenda ngati nkhono. Pulogalamu yake inali ndi tizigawo tambiri togwiritsa ntchito memore imodzi yogawana. Memore yogawanayo ikakankhidwira pa disiki, chiwerengero chakale sichinkailemba pa dzina la aliyense. Inkangosowa. Ndipo amene anaikulitsa kuposa mphamvu ya seva anali iyeyo, chaka chatha, pofuna kufulumizitsa zinthu.

Kukonza kwake kunali kusintha nambala imodzi. Anaisintha, osauza munthu. Masana mzere sunafike n'komwe pakhomo. Bwana anamumenya paphewa mpaka magalasi anatsetsereka.

"Ukanakhala mkazi ndikanakukwatira, Mawaya!"

Onse anaseka. Iye anamwetulira mokakamiza.

Anazungulira n'kukaima kutsogolo kwa windo la mlamu wake ngati wapaulendo.

"Alamu, mukupita kuti? Kapena mukuthawa achemwali anga?" anatero mtsikanayo, chidindo chili m'manja. "Nenani, ndikupatseni mpando wa pafupi ndi chitseko."

"Mlamu, uli bwino pano?"

"Ndazolowera. Zikomo mwachiritsa zimene ndinawononga zija." Anatsitsa mawu. "Musawauze kaye achemwali, koma kusukulu ya madzulo kuja ndasiya. Mutu wanga si wa zimenezi. Inu mukanena kuti chinthu n'cholakwika, ndiye kuti n'cholakwikadi."

Mawaya anagwira chitsulo cha pawindo. Ndi iye amene anamuphunzitsa kulemba pulogalamu yake yoyamba, patebulo la kunyumba, ana akusokosera.

"Sunawononge kanthu," anatero. "Ndi yanga imene inkadya memore. Chiwerengero sichinkaonetsa zimene zapita pa disiki, ndipo ine sindinayang'ane kumeneko. Ndinaona dzina lako pamwamba, ndinakhutira."

Mtsikanayo anaika chidindo pansi pang'onopang'ono.

"Mwadziwa liti?"

"M'mawa."

"M'mawa. Ndiye pamene bwana amakufunsirani ukwati paja munkadziwa kale?"

Mawaya anavomera ndi mutu.

"Seva inapitiriza kuchedwa pulogalamu yanga itazimitsidwa, alamu. Ine ndimati mwina ndinasiyamo zinyalala zina. Ndimachita manyazi kukupatsani moni."

"Pepa, mlamu."

"Pepa wanu wa pawindo ndichite naye chiyani? Ndimudinde?" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kusuzumira kumbuyo kwake. "Sunthani, mukutsekereza mayiwo. Wotsatira!"

Mawaya anasuntha. Anadutsa mawindo onse mpaka kuchitseko cha bwana, anagogoda. Anawapeza akusenda lalanje.

"Wabwera mkwatibwi! Ukufuna chiyani, tchuthi?"

"Ndikufuna muyatsenso pulogalamu ya mlamu wanga, bwana, ndipo mumubwezere pa ntchito yake. Muitanenso antchito onse. Ndinawanamiza."

Bwana anasiya kusenda.

"Unanama, kapena unalakwitsa?"

Mawaya anaganiza kaye, monga mwa chizolowezi chake.

"Tsiku lija ndinalakwitsa. Lero ndanama."

Bwana anamukankhira mpando ndi phazi.

"Khala pansi, undifotokozere ngati ukufotokozera mwana. Ukamaliza ukamuitane wekha mtsikanayo. Ngati akana kubwerera, pawindo lija ukhalapo ndiwe."