Utuchi m'Laputopu

"Tadikirani pang'ono, iyaka," anatero akalipentala, chala chili pa batani. "Imafuna kuinyengerera."

Mayi wokonza makompyuta anadikira. Anayankha foni, anagulitsa chaja kwa munthu wodutsa, n'kubwerera patebulo, laputopu idakazunguza kampira kake pa sikirini. Inkapuma mofoka ngati munthu wachifuwa.

"Imeneyi mukaiyatsa m'mawa mumaweruka isanadzuke," anatero mayiyo.

Akazi awo a akalipentala anaseka, koma eni akewo ayi. Sanabwerere zoseka.

Laputopuyo anaigula kalekale, yogwiritsidwa kale ntchito, kuti azisungamo zithunzi za mipando, makabati ndi mabedi zoonetsa makasitomala. Masana inkakhala ku shedi. Madzulo mzime wawo, mtsikana amene ankaphunzira zomangamanga ku koleji, ankaitenga kukajambulirapo mapulani a nyumba. Itayamba kuchedwa, akalipentala sanavutike n'kufufuza. Wolakwa anali naye m'nyumba momwemo: mwana ndi mafilimu ake. Tsiku lina kasitomala wina anatopa kudikira chithunzi cha kabati n'kuchoka osagula. Akalipentala anapsa mtima, anapeza foda yolembedwa dzina la mwanayo, anaifufuta yonse, n'kukhuthula ndi kabini ka zofufutidwa komwe. Mafilimu analimodi, ochepa chabe. Koma munalinso ntchito ya chaka chathunthu, yoti mwanayo akapereke kuti amalize sukulu. Kwina sanasunge.

Anzake anamaliza, iye ayi. Analongedza chikwama kupita kwa azakhali ake, nayamba ntchito m'sitolo ya nsapato. Nanga laputopu ija? Sinasinthe ngakhale pang'ono. Zimenezi zinkawadya akalipentala m'kati, koma anali munthu woti munga ukamulasa amayenda mowongoka kuti anthu asaone. Tsopano a ku koleji anali atalola kuti mwanayo aperekenso ntchito yake mwezi usanathe, ndipo mayi ake anamva kuti zofufutidwa nthawi zina zimabwerera. Ndicho chinawatulutsa m'nyumba m'mawa umenewo.

Laputopu itayaka, mayi wokonza anayamba kuifunsa mafunso ake.

"Mwina yadzaza," anatero akalipentala. "Ana amasiku ano amangolongamo zilizonse."

"Malo alimo ambiri, bambo. Theka lonse lili mbee."

"Ndiye ndi vairasi. Amabwera ndi mafilimu omwewo."

Mayiyo anafufuza, onse atatu akuyang'ana kamzere kakukwawa pa sikirini. Vairasi munalibe. Anaona mapulogalamu amene amadzuka okha laputopu ikayaka, anazimitsa angapo, koma sizinathandize. Kenako anaika dzanja pambali pake n'kulichotsa msanga.

"Iii! Apa mukhoza kusitira malaya. Kunyumba imakhala pati?"

Apa akalipentala nkhope inawala pang'ono. Anatulutsa m'chikwama bokosi limene anabweretseramo laputopuyo. Kunena zoona, bokosilo linali lokongola: thabwa losalala, vanishi wonyezimira, makona olumikizana popanda msomali n'umodzi womwe, m'kati atayalamo nsalu yofewa. Laputopu inkakhalamo thithithi, osagwedera. Ankaigwiritsa ntchito ili momwemo, pa benchi la ku shedi, atangotsegula chivindikiro.

"Ndinapanga ndekha," anatero. "Kuti isagwe, isakandike. Ndimaipukuta tsiku ndi tsiku."

Mayi wokonza analitembenuza bokosilo uku ndi uku, nalisisita ndi chala.

"Luso lilipo, amisiri anzanga, sindingakunamizeni. Koma mpweya umalowera pati? Inu mungamange nyumba yopanda zenera?" Anawayang'ana. "Inayamba liti kuchedwa?"

"Aa, kalekale. Ndani angakumbuke?"

"Ine ndikukumbuka, bambo a Mzime," anatero akazi awo motsitsa mawu. "Ndi nthawi yomwe ija munatenga nsalu yanga ya makatani kukayala m'bokosimu."

Mayi wokonza anazimitsa laputopu, anaigadamitsa, namasula tizitsulo tomangira chakumbuyo. Atachotsa chivindikiro anaimba kamluzu. Kafani koziziritsa makina sikankaoneka n'komwe. Ndi kachitsulo kotsinira anasolola chinthu chofiirira, chogwirana ngati chidutswa cha bulangete lakale, nachiika papepala.

Akalipentala sanafunikire kuuzidwa. Anatsinako pang'ono, anafikisa pakati pa zala, ananunkhiza. Unali utuchi, uja wosalala umene umauluka munthu akamakwecha thabwa. Ankaudziwa monga munthu amadziwira thukuta lake.

"Makinawa akatentha amadzichepetsa okha liwiro kuti asapse," anatero mayiyo. "Kafani kakulephera kuzungulira, bokosi latseka potulukira mpweya. Vuto lonse ndi lomweli. Ukalamba ulipo, koma si umene waigwetsa."

Anapukuta, anapemerera, anapaka mankhwala atsopano pamene makina amatenthera, n'kumanganso. Atadina batani, laputopu inayaka asanabweze n'dzanja lomwe. Inali zii, yopanda phokoso. Akalipentala akanakonda ikanachedwako pang'ono, kuti mwina pakhale kena kotsalira koloza mwana. Panalibe. Manyazi anawagwira.

"Nanga zimene zinafufutidwa," anafunsa akalipentala, "zingabwerere?"

"Munafufuta liti?"

"Papita miyezi."

"Ndipo mwakhala mukuikamo zina?"

Anali akuikamo. Mpando uliwonse umene unatuluka mu shedi ankaujambula kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Mayiyo anapukusa mutu, komabe anayesa. Anawauza kuti chinthu chikafufutidwa sichichoka pomwepo, chimangodikira kuti china chidzakhale pamalo pake. Pa sikirini panabwera mayina a mafayilo a mwana uja, mndandanda wautali, ndipo mayi ake anagwira pachifuwa. Koma lililonse limene ankatsegula linkakana. Mipando ya bambo inali itakhala pa mapulani a mwana.

Chinatseguka chithunzi chimodzi chokha, nachonso theka. Pamwamba panali denga la nyumba, lojambulidwa mosamala, mitanda yake yonse ndi miyezo yake. Pansi pake panali potuwa pokhapokha.

Akalipentala anaweramira pafupi. Denga limenelo analiona ndi maso a mmisiri, ndipo sanapezepo cholakwika. Chaka chathunthu mwanayo ankajambula patebulo la pabalaza, iwo akudutsa kumbuyo kwake, koma sanaimepo n'kamodzi komwe kuti aone. Mtima unawawawa koopsa.

"Pepani, bambo," anatero mayi wokonza, nthabwala zitamuthera. "Mukanabwera sabata yomweyo."

Panja akazi awo anatambasula dzanja kuti alandire laputopu. "Bweretsani, ndikampatsa ine."

"Ayi, mayi ake. Ndipita ndekha."

M'sitolo ya nsapato anapeza mwana wawo atagwada, akumuyesa nsapato mayi wina wovuta amene ankati zonse zikumuthina. Akalipentala anaima pafupi ndi khomo, laputopu kukhwapa, bokosi kudzanja. Kasitomalayo atatuluka, mtsikana anadzuka napukuta m'mawondo.

"Mwaswera bwanji, bambo?" Anawapatsa moni ngati mlendo.

Akalipentala anaika laputopu pa kauntala, natambasula kapepala ka utuchi kaja pambali pake.

"Sanali mafilimu ako, mwanawe. Ndi utuchi wanga. Ndi bokosi langali."

Mtsikanayo anayang'ana utuchiwo nthawi yaitali.

"Ndinakuuzani, bambo. Ndinati ikutentha, tiichotse m'bokosimo. Munati ndikunyoza ntchito ya manja anu."

Akalipentala anakumbuka. Analidi atanena choncho, ndipo ananena mokweza.

"Ntchito yako tayesa kuibweza. Latsala denga lokha." Analoza laputopu. "Denga labwino, Mzime. Ine sindikanalikhoza."

Mtsikanayo sanalire. Anatsegula laputopu, inayaka nthawi yomweyo, ndipo anaona theka la chithunzi chake.

"Ntchito ya chaka siitheka m'masabata otsalawa. Ndidikira chaka chamawa, ngati angandilole."

"Kunyumba tebulo lija lilipo."

"Kwa azakhali liliponso tebulo, bambo."

Anatseka laputopu naiika pansi pa kauntala, pamodzi ndi chikwama chake. Pakhomo panalowa bambo wina ndi ana ake ofuna nsapato za sukulu, ndipo mtsikanayo anapita kukawalandira. Akalipentala anakulunga utuchi wawo, anauika m'thumba la malaya, natuluka.

Bokosi lija anabwerera nalo lopanda kanthu. Ku shedi analiika pa shelefu, ndipo masiku ano amasungiramo misomali.